Basela wa Magetsi

Potchajira njinga zamoto zamagetsi pa Ntaja pali chingwe chimodzi chokha. Twalibu, dengu la milamba yaiwisi lili kumbuyo kwa njinga, anatopa kudikira bambo wina wachikulire amene anali atalumikiza yake kuyambira m'mawa.

"Bambo, kanyali kobiriwirako kayaka kalekale. Yadzadza imeneyo, zulani."

"Iyayi, idakamwa. Ndikudikira basela."

"Basela? Mukuyesa ndi tomato wa pamsika?"

"Ndalipira ine, mwana iwe. Ufa umalowa wambiri m'thumba ukamatsendera."

"Ndiye ikhalireni muitsendere, tione! Pamjigo ndowa ikadzadza amaisuntha kuti wina atunge. Kapena kwanu mumaisiya kuti madzi akhuthale?"

"Ana a masiku ano mulibe ulemu."

"Ulemuwo ndi umene ukundiwoletsera nsomba. Simukumva fungoli? Ntchentche zandilondola kuchokera kwa Mposa, pano zaitana ndi abale awo."

"Pirira pang'ono, magetsi sathawa."

Asanatseke pakamwa, magetsi anathima msika wonse.

"Eya, basela wanu uja ndi ameneyu, bambo. Zikomo, mwatigawira tonse."