Batire Litatithera Pamtsinje Tili ndi Maliro a Che Saidi

Zaka zimenezo, mlatho wa pa Shire ukadali uja wakale wodutsa galimoto imodziimodzi, ine ndinkayendetsa thirakitala pa esiteti ina ya fodya kumtunda kwa Chowe, ndipo inu amene galimoto ikakana kulira mumangoimba foni wina n'kubwera pa njinga yamoto ndi batire lina, simungadziwe mmene mtima unkagundira kale ukapotokola kiyi injini n'kungoti zii. Tasendera kuno iwe Yusufu, poti ndamva kuti ukufuna kugulira kalole kako batire.

Amene anandiphunzitsa ntchitoyi anali Che Saidi, Msilamu wa ku Chowe konko, ine Mkhristu wa ku Malindi, koma tinkadyera mbale imodzi, ndipo ndi iwo amene anayamba kunditchula kuti Che Luka. Atadwala anawagoneka kuchipatala cha pa boma la Mangochi, ndipo nditapita kukawazonda anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Che Luka, zikavuta musadzandisiye kutauni kuno. Mukandiike kwathu, pafupi ndi mayi anga." Ine ndinavomera.

Anatisiya m'mawa wina, dzinja lili pakati. Mukudziwa inu kuti abale athu achisilamu sagoneka maliro, munthu amayenera kulowa m'manda dzuwa lisanalowe, koma msewu wopatukira kumudzi kwawo unali utakumbika ndi mvula moti panalibe wa galimoto amene analola kupitako. A manijala anandipatsa thirakitala ndi ngolo yake, ndipo tinanyamula thupi, akazi awo Abiti Juma, mng'ono wawo Che Amidu, a shehe ndi anamfedwa ena.

Tsono apa mumvetsetse. Batire lenileni la thirakitalayo, chimphona chofuna anthu awiri pochinyamula, linali litafa, ndipo lina lotero silinkapezeka pa Mangochi, tinkadikira lochokera ku Blantyre. Tinali titabwereka la kagalimoto ka petulo, koma injini ya dizilo ndi yolemera, ana inu, imafuna mphamvu yambiri nthawi imodzi kuti itembenuke, ndiye kabatire kaja kankangoyesa mwaulemu basi. N'chifukwa chake ndinkaimika thirakitala pamtsetse nthawi zonse, kuti ndikamasula buleki izidzilirira yokha.

Tsoka silinunkha. Titapatuka pamsewu waukulu tinafika pa kamtsinje kena kopanda mlatho, madzi akulekeza m'akakolo, ndipo tili pakati matayala a ngolo anatitimira mumchenga, injini inakhosomola n'kuzima. Ndinapotokola kiyi, tinangomva kuti "tee!" Ndinabwereza, chimodzimodzi. Kutsogolo chitunda, kumbuyo chitunda, pokankhira panalibe. Kumapiri kunali kutada bii, mvula ikugwa kumeneko, ndipo aliyense ankadziwa kumene madzi akewo adzere.

Che Amidu anatsika n'kunena kuti, "Che Luka, tingosenza pamapewa. Zachitsulozi zatikana."

A shehe anayang'ana dzuwa, anayang'ananso phiri, n'kupukusa mutu. Mtunda unali ukadalipo wambiri, matope okhaokha, ndipo amuna tinalipo ochepa. Apo Abiti Juma anasuntha mtandio, mpango wawo wofunda kumutu uja, kumaso n'kundiyang'ana.

"Che Luka, anzanuwa ankati thirakitala siikana popanda chifukwa. Tayifunsani."

Mawu amenewo anandilowa ngati munga. Ndinavula malaya n'kulumbira mumtima kuti munthu amene anandiphunzitsa kugwira chiwongolero sindimusiya mumtsinje.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndinayatsa nyali za kutsogolo n'kuuza Che Amidu kuti aziziyang'ana, ndipo nditapotokola kiyi iwo anati, "Zazimiratu!" Pamenepo ndinadziwa kuti sitata, kamakina kotembenuza injini kaja, ilibe mlandu, moto ndi umene sukufika. Nditavundukula batire ndinapeza mitu yake yachita zoyera ngati ufa, zija mumaziona n'kumati n'zopanda ntchito, chikhalirecho ndi zimene zimatsekereza moto. Kutsidya kunali nyumba, ndipo mayi wa pamenepo, atamva kuti ndi maliro, anabwera yekha ndi madzi otentha mu ketulo ndi soda wake wophikira therere. Ndinathira, zinachita thovu, ndinapala ndi mpeni mpaka mtovu unawala, n'kumanganso zolimba. Kiyi uja. Injini inati "wuu... wuu..." ngati nkhalamba yodzuka pamphasa, n'kusiya.

Madzi anali atafika m'katumba, ofiira, atanyamula zinyalala. Amayi anayamba kutsika m'ngolo.

Ndinalondola nthambo yakuda ija imene imachoka pabatire kukamangidwa kuthupi la thirakitala, ndipo pabawuti pake panali dzimbiri lokhalokha. Iyi ndi nthambo imene ambiri amaiwala, mpaka kutaya batire labwinobwino. Ndinamasula, ndinakwecha ndi mwala, n'kumanga. Ulendo uno injini inatembenuka mwamphamvuko, koma sinagwire, ndipo ndinachotsa dzanja pakiyi msanga, chifukwa ukamangoumiriza umamaliza ndi kamoto kotsalako.

Mayi wa ketulo uja ndi amene anati, "Wa golosale kumtundaku ali nalo batire la galimoto, amalizira wailesi." Masiku amenewo kunalibe masola mwadzaza nawo pamadengawa, batire linkapita pa njinga kukatchajitsa ku boma, ndipo mwini wake ankalisunga ngati mwana. Che Amidu anathamangira komweko, ndipo posakhalitsa tinawaona akutsetsereka, batire lili pamutu, mwini golosale akuwatsata pambuyo.

Nthambo zolumikizira ndinalibe. Ndinagwiritsa masipanala awiri aataliatali, ndipo ndinauza onse kuti wa fodya ataye, chifukwa mpweya wa batire sugwirizana ndi moto. Che Amidu anaima m'madzi ofika m'maondo atakumbatira batire lija pafupi ndi linzake, mwini golosale n'kukanikiza masipanala, mutu wa chizindikiro cha mtanda ku mutu wa mtanda, winawo ku unzake, osalola kuti zitsulozo zikhudzane. A shehe anati, "Bisimila." Ndinapotokola.

Ana inu, ndamvapo nyimbo zambiri pa moyo wanga, koma palibe yokoma ngati kulira kwa injini ija. Utsi wakuda unati tolo! Amuna anaika mapewa kungolo, amayi anaponya nthambi pansi pa matayala, ndipo tinatuluka. Tisanafike n'komwe pamwamba pa chitunda tinamva mkokomo kumbuyo, ndipo titacheuka, pamene tinaima paja panali pakudutsa chigumula chitanyamula mitengo.

Tinafika dzuwa litapendeka, manda atakumbidwa kale. Anawasambitsa Che Saidi, anawaveka sanda, nsalu yoyera ya maliro ija, anawaswalira, ndipo ine ndinaima chapatali poti mwambowo si wanga. Koma pokwirira, Che Amidu, malaya awo atabooka ndi asidi wa batire, anandikodola n'kundipatsa khasu.

"Bwerani, Che Luka. M'bale wanuyu."

Ndinathirako dothi langa, ndipo pamene ankaitanira swala ya magharibi, pemphero la polowa dzuwa lija, tinali titamaliza.

Tsono iwe Yusufu ndi anzakowa, mukapita kusitolo musakatengeke ndi kuwala kwa chikombole. Mukafunse kuti batirelo ndi loliza injini kapena ndi la sola, pakuti ziwirizi ntchito zake n'zosiyana, ndipo mukatenge la msinkhu wa injini yanu, ngati ndi ya dizilo likhale lalikulu ndithu. Safunsa anadya phula. Mitu yake izikhala yoyera, madzi ake muziwasuzumira, ndipo likakana tsiku lina musafulumire kulitukwana, yambani mwaona nthambo. Muzichita zimenezi galimoto ili pakhomo, kunja kuli bwino, chifukwa simudziwa kuti mawa mudzanyamula ndani.