Shati ya Mwana Wovutitsitsa

Pa siteji ya basi, bambo wina anafunsa mayi amene anaima pambali pawo chomwe ankangomwetulira okha.

"Aphunzitsi aakulu andipatsa ntchito yosoka mayunifolomu a sukulu yonse, bambo. Chonsecho anandikana kawiri konse."

"Ndiye munawanyengerera bwanji?"

"Ndinasiya kudzichemerera. Ndinangowafunsa chimene makolo amadandaula, akuti malaya amang'ambika teremu isanathe. Ndinasoka shati imodzi n'kuwauza kuti, 'Muveke mwana wovutitsitsa pasukulu pano kwa mwezi wathunthu.'"

"Inapirira?"

"Wakwera nayo mitengo, wachita ndewu kawiri ataivala, koma ngakhale batani silinathothoke. Lero achita kundiitana okha."

"Mundipatse nambala yanu, mayi. Kunyumba ana otere ndili nawo atatu."