Machesi a Bwana ndi Mavu a Elson

Bwana mwini munda, akapitao anzanga, mayi Esteri ndi ana, othyola tiyi nonse, zikomo. Ndine Danieli. Ukapitao umene a Elson akutula lero wagwera ine.

Bambowa anafika kuno kuchokera kwa Apwitikizi mu 1897, munda uno ukadali wa khofi. Tsiku loyamba anakoleka dengu pamtengo osayang'ana m'mwamba. Panali chisa cha mavu. Atabwerera kunyumba, akazi awo mayi Esteri anayang'ana nkhope yotupayo nkufunsa kuti, "Mukufuna ndani, bambo?" Mayi, ngati ndikunama imirirani.

Mwaona, sanaimirire.

Wina akanadana nawo mavu. A Elson anayamba kuwaphunzira. Nthawi yopuma, ife tili pa chinangwa, iwo khosi lili m'mwamba. Ndiwo anatiuza kuti chisa amachiyamba ndi mayi mmodzi, kutafuna mtengo wouma ndi malovu ake. Ana ake aakazi akakula amagwira ntchito, amuna amangodya. Tinati zimenezo timazidziwa kale.

Ine sindinamvere. Chaka china, a Elson atapita kumaliro ku Limbuli, ndinatentha zisa zonse za m'munda wakumtunda. Ndinadziona ngati ngwazi. Pasanathe miyezi iwiri mbozi zinadya nsonga zonse za tiyi. Mavu aja ndiwo ankagwira mbozi, kuzitafuna, kukadyetsa ana awo. Bwana atafunsa wolakwa, a Elson anati, "Munda ndi wanga, mlandu ndi wanga." Dzina langa sanalitchule. Ndikulitchula ndekha lero, ndipo manyazi akundigwirabe. Zikomo, achimwene. Zaka khumi ndi zisanu mwatisunga, ife ndi tiyi yemwe.

Anatiphunzitsanso kuti mayi wa chisa akakalamba, mwana wake amatenga malo, ntchito nkumapitirira. Sananene kuti mwanayo amakhala wanzeru. Ndayang'ana, palibe wina, ndine ndemwe.

Tsono Bwana, dzulo munandiitana. Munati mkuluyu akangochoka nditenthe zisa zonse, chifukwa mlendo wanu analumidwa khutu. Munandipatsa machesi awa. Khutulo ndalionanso lero, laphwa. Tiyi akadyedwa sachira msanga choncho. Mukafuna kundichotsa ukapitao ndisanauyambe, chotsani. Koma moto umenewo ndinauyatsa kale kamodzi, ndipo wondibisa akupita kwawo.

A Elson, ife anzanu tinalibe mphatso. Landirani machesiwa, muzikayatsira kaliwo. Mukapume bwino. Mukagone mpaka dzuwa likuwotcheni kumapazi, mayi Esteri akakuzindikireni tsiku lililonse.

Bwana sanandichotse, ndiye tiwombe m'manja. Koma pang'onopang'ono, abale. Yang'anani kudenga la shedi ino. Chisa chachikulu chili pamutu pa Bwana.