Mayi Amene Ankapatsa Antchito Mwezi Wokaona Kwina

Malemu amene atisonkhanitsa pano anabadwa pa 9 Malichi 1958, ali achiwiri m'banja la ana asanu ndi mmodzi. Ine ndaima panone ndine mlongo wawo, mzime wa m'banjamo, ndipo ndakhala dalaivala wa kampani yawo zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zinayi. Mundikhululukire, anamfedwa anzanga, ngati nkhope yanga ikuoneka yowala pa tsiku lotere. Kulira ndalira ndithu, koma ndili ndi nkhani imene ikundiyabwa pakamwa, ndipo ndiinena ikafika pamalo pake.

Sukulu ya pulayimale anayamba mu 1965, nalowa sekondale mu 1973, koma anangophunzirako zaka ziwiri chifukwa bambo athu anatisiya. Atatero anapita kukaphunzira kusoka. Malaya oyamba kutuluka m'manja mwawo ndinavala ndine, mkono wina wautali wina waufupi, ndipo ndinapita nawo kusukulu chaka chathunthu osatsegula pakamwa, poti kudandaula pamaso pa achemwali anga kunali kuputa mavu.

Mu 1977 analembedwa ntchito pafakitale ina yaikulu yosoka zovala. Mu 1981 anamanga banja ndi alamu anga, aphunzitsi aja amene anatsogola mu 2014, ndipo Mulungu anawadalitsa ndi ana anayi. Pafakitalepo panalibe wowaposa liwiro kapena ukhondo wa msoko. Koma mu 1986, atabereka mwana wachitatu, msana unayamba kuwavuta, ndipo anapempha chinthu chimodzi chokha, mpando wotsamira m'malo mwa benchi. Kapitawo anawayankha kuti amene watopa, khomo nlotsegula. Sabata yomweyo anatulukadi pakhomopo. Patatha miyezi iwiri, akuluakulu a fakitale anabwera kunyumba katatu konse, atanyamula malonjezo a malipiro okwera. Malemu ankawalandira bwino, n'kuwakhazika pampando wotsamira, n'kuwakana mwaulemu.

Mu 1987 anayamba kusoka paokha m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba, ndi makina amodzi opalasa ndi mapazi. Mu 1995 anatsegula kampani yosoka mayunifolomu a sukulu, a zipatala ndi a alonda, imene lero ili ndi antchito makumi anayi ndi atatu.

Tsono apa ndi pamene pali mutu wa nkhani. Matelala ophunzitsidwa ndi malemu anatchuka, ndipo makampani akuluakulu anayamba kuwanyengerera. Mu 1998 telala wathu wa makolala a malaya anabwera ndi kalata yosiya ntchito, ataitanidwa ndi kampani ina yaikulu. Malemu anamubwezera kalatayo. Anamuuza kuti apite akagwire kumeneko mwezi umodzi akaone, makina ake afunditsidwa nsalu kumudikira, ndipo palibe amene amuimbire foni kapena kumuchonderera. Akakakonda, akhale konko ndi madalitso onse. Akabwerera, abwere ndi chinthu chimodzi chabwino chimene waona kumeneko chomwe kwathu kulibe. Ine ndinawauza maso ndi maso kuti kumeneko ndi kusungitsa nyama kwa galu. Anandiyankha kuti ndizisamala za matayala.

Telala uja anabwerera mwezi utatha, nanena kuti kumeneko makina aliwonse ali ndi getsi lake pamwamba. Sabata isanathe, magetsi anali atapachikidwa. Wantchito wina anapita nabwera ndi nkhani ya mafani ochotsa kutentha. Wina anabwera ndi ya chipinda choyamwitsira ana. Wina anati kumeneko malipiro amakwera chaka ndi chaka popanda kupempha, ndipo malemu anavomera, ngakhale anakhala masiku awiri osadya bwino. Mukalowa m'kampani muja lero, pafupifupi chabwino chilichonse chili ndi mwini wake amene anakachitenga, ndipo amachiloza ndi chala monyadira. Munthu angasiye bwanji malo amene anawakonza yekha?

Panali wositasita wathu, ali pompano ndipo akuyang'ana pansi, amene ananama kuti waitanidwa kwina. Ine popita kukasiya katundu ndinamupeza atagona pakhonde pake, wailesi ili pamimba. Ndinathamanga kukanena, ndili ndi chikhulupiriro kuti lero wina achotsedwa. Malemu anaseka mpaka misozi, kenako anati ngati munthu wabwino wafika ponama kuti apume, wolakwa ndi bwana. Tchuthi cha masabata atatu pachaka chinayamba choncho. Mwa anthu khumi ndi atatu amene anapitadi kukaona, khumi ndi awiri anabwerera. Mmodzi amene anakhala konko, malemu anamulembera kalata yomuyamikira ndipo anakavina pa ukwati wake.

Mu Januwale chaka chino anayamba kudwala impso, ndipo kampani anaisiya m'manja mwa mwana wawo woyamba, mphwangayu wakhala apayu. Mu Meyi tinapeza ntchito yaikulu imene sitinaionepo, mayunifolomu zikwi zitatu, ofunika Ogasiti asanathe. Pa 3 Juni kunyumba kunabwera mayi wathu wodula nsalu, amene tonse timawatcha a Sizasi, omwe agwira nafe zaka makumi awiri ndi ziwiri. Kampani ina inali itawalonjeza malipiro owirikiza kawiri ndi galimoto. Abale anga, a Sizasi ndi okhawo pakati pathu amene amadula nsalu zosanjikiza makumi anayi nthawi imodzi osataya ngakhale kachidutswa. Popanda iwo ntchito ija ikanatithawa, ndipo theka la antchito likanabwerera kunyumba manja ali m'thumba.

Mwana wa malemu analira, nafuna kuwagwadira a Sizasi. Ine amene, wosamala za matayala, ndinali wokonzeka kugwada nawo. Malemu anatiletsa tonse. Anati lamulo silidwala chifukwa mwini wake wadwala, ndipo a Sizasi ali ndi ana awo ofunika kuwaganizira. Anawapatsa mwezi wawo, kuyambira pa 5 Juni mpaka pa 4 Julaye, natiuza kuti amene akhudze foni adzaona chimene chinameta nkhanga mpala.

Pa 20 Juni anagonekedwa m'chipatala. Tsiku lililonse ndikalowa, ndisanakhale n'komwe pansi, ankandifunsa ngati a Sizasi abwera, ngakhale ankadziwa bwino kuti mwezi sunathe. Pa 1 Julaye masana anandifunsanso, mawu akumveka patali, ndipo ndinawayankha zoona, kuti sanabwere. Anangogwedeza mutu. Limenelo ndilo funso lomaliza limene anandifunsa. Anatisiya pa 2 Julaye nthawi ya teni koloko m'mawa, ali ndi zaka makumi asanu ndi limodzi kudza zisanu ndi chimodzi. Kunena zoona, mumtima ndinati basi, amene ankawabweza anthu wapita, abwerera kwa yani?

Dzulo pa 5 Julaye, cha m'ma seveni koloko m'mawa, ndinapita kukampani kukatenga mipando imene mwakhalirayi. Ndinapeza chitseko chotsegula, mlonda akumwetulira ngati walandira mphatso. Ndili pakhonde ndinamva kulira kwa sizasi patebulo lalitali, ndipo ndinathamangira mkati. A Sizasi anali ataima pamalo pawo, tepi yoyezera ili m'khosi, misozi ikutsika, akudula diresi limene malemu avala m'bokosimu. Pambali anali atayala kale nsalu za mayunifolomu. Anandiuza kuti maganizo obwerera anawapanga sabata yoyamba, koma anamaliza mwezi chifukwa malemu anawaphunzitsa kuti ntchito ya eni sasiyira panjira. Chinthu chawo chimodzi anabwera nachonso. Kumeneko wodula aliyense amaphunzitsa anzake awiri, kuti kampani isapachikike pa munthu mmodzi. Mwana wa malemu wavomera, ndipo awiriwo ayamba Lolemba. Ine ndinanyamula mipando ndikulira ndi kuseka nthawi imodzi, moti mlonda anaganiza kuti mutu wanga wabalalika.

Malemu asiya ana anayi, zidzukulu zisanu ndi zinayi, mng'ono wawo mmodzi, ife alongo awo awiri, ndi antchito makumi anayi ndi atatu, osachotsera ngakhale mmodzi. M'malo mwa banja ndikuthokoza madokotala ndi anamwino amene anayesetsa, oyandikana nawo nyumba, amayi amene akhala akutiphikira, antchito amene ankasinthana kukawaona kuchipatala, ndi nonse amene mwasiya zanu kudzatiperekeza.

Achemwali, mzimu wanu uuse mumtendere wosatha. Munandifunsa funso, ndipo tsiku lija ndinalibe yankho labwino. Lero ndili nalo, ndipo ndikukuuzani pamaso pa anthu onsewa musanatsikire m'manda. A Sizasi abwera, achemwali. Abwera ndithu.