Uthenga Unafera pa Thanki

— Halo?

— Halo, achemwali, ndine mng'ono wanu. Mwaswera bwanji?

— Aa, Injiniya wathu! Taswera, kaya iweyo?

— Ndaswera. Ana ali bwanji? Nanga alamu?

— Ana ali bwino. Alamu akowo alipo, nkhope ili ndwii. Kuntchito kuli bwanji?

— Kuli bwino. Mukundimva?

— Ukudukaduka. Dikira ndituluke pakhonde. Eya, yankhula.

— Ndimati ndimve za nkhuku. Zotsalazo zikudya?

— Zikudya. Za m'khola lakumapeto ndiye tinakwirira zonse. Fani itazima masana aja, kutentha kunazimaliza. Pobwera kuchipatala ndi mwana ndinangopeza zili lambalamba, kukamwa yasa.

— Foni yanu sinalire ngakhale kamodzi?

— Zinapita izo, usadzivute.

— Achemwali, ndaona pamene panalakwika. Ndatsegula pa kompyuta zonse zimene masensa ankatumiza.

— Timakina tako toyeza kutentha tija?

— Tomweto. Ka m'khola lakumapeto kanaona kuti kwatentha, kanatumiza uthenga ndithu. Koma uthengawo unafera panjira.

— Panjira pati? Si paja unati tilibe mawaya?

— Mawaya palibe. Koma kasensa kakamatumiza patali, batire limatha msanga. Ndiye kalikonse kamapatsira kanzake kapafupi, mpaka uthenga ufike pa kabokosi ka pawindo kaja kamene kamachititsa foni yanu kulira.

— Eya, unafotokoza.

— Ine ndinatchera kuti uthenga uliwonse uzidzera njira yachidule. Njira yachidule ya makola onse inkadutsa pa kasensa ka pa thanki yamadzi. Tinzake tikupuma, iko kali maso, kusenza za aliyense. Batire lake linatha fani isanazime n'komwe.

— Ndiye wolakwa ndi batire.

— Ayi, ndine. Ndikanatchera kuti tizisinthana, uthenga uzidzera pa kamene katsala ndi mphamvu, ngakhale njira italike. Zimenezi ndi zoyambirira pa ntchito yathu. Ndinkathamangira kuti alamu aone zikugwira. Ndinachita kuwauza ndi pakamwa pangapa kuti kuyendera makola masana sikukufunikanso.

— Mm.

— Mulipo?

— Ndilipo. Wauza ndani?

— Ndinu oyamba. Ndikusowa poika nkhope, achemwali.

— Zithere pomwepa. Alamu ako ndinawauza kuti ndinazimitsa foni kuchipatala.

— Munazimitsadi?

— Sindinazimitse. Nanga ndikanatani? Anali atanyamula kale makwerero kuti azule timakina tako akatitaye kudzala. Kwawo konse amadziwa kuti mng'ono wanga ndi injiniya. Apongozi anga sangamalize nkhani osakutchula.

— Ndiye mkwiyo wonse wagwera inu?

— Sakundiyankhula, akudya atandifulatira. Zidzatha, ndimawadziwa. Iwe ungobwera Loweruka, ukonze mwakachetechete anapiye atsopano asanafike.

— Mukundibisira ngati ndikadali mwana wokodza pamphasa.

— Nthawi imeneyonso ndinkauza amayi kuti ndine. Unafa?

— Musandiseketse, misozi ili mbwembwembwe kuno.

— Pukuta, ungachititse manyazi akuofesi.

— Apatseni foni alamuwo.

— Ayi.

— Chonde. Loweruka ndidzalowa bwanji m'nyumba mwanu, iwo akundilandira bwino, inu akukufulatirani?

— Udzalowa ndi miyendo. Ndati ayi.

— Mayunitsi akundithera. Chabwino, ndikugula ena ndiwayimbire pa nambala yawo.

— Iwe! Usayerekeze, wamva? Ukawauza ndiye kuti wandisandutsa wabodza ine.

— Ndiwauza kuti munanama chifukwa cha ine. Tsalani bwi...

— Halo? Injiniya? Halo! Ha, mwana uyu... Bambo a ana, foni yanu ili kuti? Tandibwerekeni kaye.