Matumba Awiri a Simenti

Pamzere wogula simenti, bambo wachipewa anacheukira mwamuna amene ankaseweretsa makiyi a galimoto.

"Matumba awiri okha, mukumanga chiyani, achimwene?"

"Ngoika m'buti. Galimoto yanga yakale inkakoka ndi matayala onse anayi. Yatsopanoyi imakankha ndi akumbuyo okha, komanso ndinakuzitsa injini. Ndikangoponda moto pokhota, mbuyo imathawa."

"Nanga masiku onsewa mumayenda bwanji?"

"Ndinkanyamula apongozi. Akakhala kumbuyo, inkagwira msewu bwinobwino."

"Iwo ankadziwa?"

"Ankati apeza mkamwini waulemu. Dzulo anafunsa chifukwa chimene ndimawakaniza mpando wakutsogolo, ine n'kuwauza zoona. Atenga mwana wawo."

"Ndiye simukapepesa?"

"Ndikupita konko. Kungoti njira yake njokhotakhota."

"Mukafika musakatsegule buti akuona."