Frackson Walembedwa ku Kaning'ina

Zilengezo za lero Lolemba tiyambira ku Mzuzu.

Bambo Hudson Luhanga, woyang'anira kalembera ku Masasa ndi Kaning'ina, akudziwitsa onse kuti alembi ayamba kuyenda khomo ndi khomo. Azifunsa zaka, kobadwira, maphunziro, ntchito, kotunga madzi ndiponso ngati pakhomo pali wailesi. Akuti boma silingamange sukulu kapena chipatala mongoganizira, choncho musabise munthu, ngakhale khanda ladzulo. Chilengezochi chachokera kwa Bambo Luhanga.

Mayi Marjorie Thole a ku Nkhorongo akudziwitsa abale ndi abwenzi ku Chintheche, Bandawe ndi Usisya kuti mapemphero okumbukira mlongo wawo Frackson adzachitika Loweruka pa 19 Seputembala kumudzi ku Chintheche. Frackson anapita kumigodi ku Joni zaka khumi ndi zisanu zapitazo ndipo kunamveka kuti anafera komweko. Chilengezochi chachokera kwa Mayi Thole.

Zilengezo za lero Lachinayi.

Mayi Keziya Nyasulu, mphunzitsi amene akulemba nawo kalembera, akudziwitsa Mayi Thole kuti dzulo m'mphepete mwa nkhalango ya Kaning'ina analemba bambo wocheka matabwa, wobadwira ku Chintheche, wa Sitandade 6, wopanda wailesi, dzina lake Frackson Thole. Atamufunsa amene amakhala naye, anati, "Ndekha, mama. Ndinabwera chimanjamanja, ndinachita manyazi kufika kwathu." Atamuuza za mapemphero aja, anati, "Auzeni ndilipo. Ndikutsokomola chomene, koma ndilipo." Mayi Nyasulu akuti zamukalembera ndi zachinsinsi, izi aulula mwini wake atawapempha. Chilengezochi chachokera kwa Mayi Nyasulu a ku Masasa.

Zilengezo za lero Lolemba.

Mayi Marjorie Thole akudziwitsa abale onse kuti mlongo wawo amupezadi. Anamuzindikira ndi chipsera cha mbedza pachala. Ali kuchipatala ndipo wayamba kudya. Mapemphero a Loweruka alipobe, koma akhala othokoza, ndipo pasapezeke womufunsa zimene anabweretsa kuchokera ku Joni. Pothokoza Mayi Nyasulu akuti yewo chomene. Akutinso anapempha alembi kuti Frackson alembedwe pakhomo pawo ku Nkhorongo, koma anawayankha kuti munthu amalembedwa kamodzi, kumene anagona. Iwo akuti palibe kanthu, kalembera wotsatira adzamupeza pakati pa abale ake. Chilengezochi chachokera kwa Mayi Thole ndi Bambo Frackson Thole.